Khasu ndi Mpini Wake: Mbiri ya Kusunga Mawu m'Chigwa cha Henga

Munthu wochokera ku Mzuzu pa msewu waukulu wa ku Karonga, akapitirira Ekwendeni ndi Enukweni, nalowa m'chigwa cha Henga, kumene mtsinje wa Rukuru, utatha kupyola pakati pa mapiri a pa Njakwa, uyenda mofatsa m'minda ya fodya ndi ya chimanga kufikira ukatsikira kunyanja, sadzalephera kuona pa malo a malonda onga Mzokoto ndi Phwezi kanyumba kokhala ndi sola padenga ndi chimkuzamawu pakhomo, m'mene mnyamata akhala tsiku lonse maso ali pa kompyuta. Tsiku lina la msika ndidaima pakhomo pa kanyumba kotere, ndipo ndidaona mayi wachikulire alikumasula mfundo ya pansonga pa chitenje chake, pamene amayi athu amangapo ndalama zachitsulo, natulutsamo kanthu kakuda kosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Mnyamatayo adakalandira ndi manja awiri, nakalowetsa m'kachipangizo kena kotalika ngati chala, nakatsomeka m'mbali mwa kompyuta, ndipo atayang'ana kanthawi adafunsa m'Chitumbuka kuti, "Amama, memori yanu yadzaza, tifufutemo ziti kuti nyimbo za kwaya zilowe?" Mayiyo adayankha nati, "Fufuta zimene ufuna, mwana wanga, koma mawu a mnyamata wanga ali ku Joni usawakhudze."

Kanthu kakuda kaja ndiko memori khadi, ndipo kachipangizo kolowetsamo kaja anyamata akatcha khadi rida. Ziwirizi zikaphatikana zigwira ntchito yonse ya fulashi, pakuti zilowa pa kompyuta, pa wailesi ya m'minibasi ndi pa kanema wa m'nyumba chimodzimodzi. Koma fulashi wamba idabadwa ndi mimba yake yosakula, pamene iyi ikadzaza mwini wake angosolola khadi naikamo lina lalikulupo. Poyang'ana manja a mnyamata uja, mumtima mwanga mudabwera khasu ndi mpini wake. Mlimi aliyense wa ku Henga adziwa kuti mpini ukathyoka palibe maliro, pakuti alowa m'thengo nasema wina, natentha nsonga ya khasu pamoto, naikhomera mumpini watsopano; chuma chili m'chitsulo. Tsono popeza mbiri ya ufumu wa dera lino nayonso idayambira pa makasu, ndayesa n'koyenera kulondola mapazi a mibadwo, kuti tione zotengera zimene anthu a m'chigwachi akhala akusungiramo mawu awo, ndi chimene chidapulumutsa mawu ena pamene ena adatayika.

Akuluakulu asimba kuti cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudafika amalonda ochokera kutsidya kwa nyanja, amene anthu adawatcha Balowoka chifukwa cha kuwoloka kwawoko, ndi kuti mtsogoleri wawo, Mlowoka, adayenda m'midzi ya Nkhamanga ndi ya Henga akupereka nsalu, mikanda ndi makasu posinthana ndi minyanga ya njovu, kufikira dzina la ufumu umene adausiya, la Chikulamayembe, lidamangika pa makasu omwewo. Nkhani imeneyi sadailembe munthu amene adaiona ndi maso. Idakhala m'mitu ya anthu, ndipo nkhokwe yake idali mphala, pamene amuna ankadyera pamodzi madzulo, akulu nalongosola mzere wa mafumu, malire a minda ndi milandu yakale, anyamata ali chete kumvetsera. Idalinso pamtondo, pamene akazi ankaika madandaulo awo m'nyimbo zosinjira, ndi pamoto, pamene agogo ankasimba nthano zimene kumeneko azitcha vidokoni. Kasungidwe kameneka kadali ndi lamulo limodzi losalembedwa, lakuti mawu asagone m'mutu umodzi. Nkhalamba inkadziwa kuti ili paulendo, chotero inkathira zimene idadziwa mwa mdzukulu nthawi ikadalipo, monga mayi akhuthulira madzi mumtsuko watsopano akaona kuti wakale wayamba kuchucha.

Mphamvu ya lamuloli idaoneka m'masiku a nkhondo. Angoni, amene adawoloka Zambezi mu 1835 ndi mfumu yawo Zwangendaba, atazungulira maiko a kumpoto adatsikira m'chigwa chino cha m'ma 1855, namanga pa Ng'onga, ndipo ufumu wa Chikulamayembe udapasuka. Ahenga ambiri adakhala pansi pa Angoni. Ndipo pamene adawagalukira cha m'ma 1880, motsogozedwa ndi Kanyoli ndi Kambondoma, ochuluka a iwo adathawira ku Karonga pakati pa Angonde, kumene posakhalitsa adakodwa m'nkhondo ya Mlozi imene idabuka mu 1887. Wothawa nkhondo sasenza nkhokwe. Midzi idapsa, mbiya zidasweka, koma maina a makolo ndi nyimbo za mtundu zidayenda nawo anthuwo popanda wozilanda panjira, chifukwa zidali m'mitu yambiri, ndipo mkondo sukadatha kuitsiriza yonse. N'chifukwa chake pamene boma la atsamunda lidalola mu 1907 kuti ufumu ubwerere, Chilongozi Gondwe nalongedwa, adalipo anthu okhoza kutchula mafumu mmodzimmodzi kuyambira pa Mlowoka, ngakhale padapita zaka zambiri mpando uli wopanda mwini.

Chotengera chachiwiri chidadza ndi amishoni, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Dr Robert Laws, atayamba pa Cape Maclear mu 1875 ndi kusamukira ku Bandawe mu 1881, adakwera pa Khondowe mu 1894, namangapo Livingstonia ndi sukulu yake ya Overtoun, kumene ana a ku Henga, a ku Phoka ndi a kunyanja adaphunzira kulemba ndi kuwerenga, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa telegalafu. Mmodzi wa ophunzira a mishoni imeneyi, Saulos Nyirenda, amene pambuyo pake adakhala kalaliki wa telegalafu ku Karonga, adatenga zimene adamva kwa akulu nazilemba m'Chitumbuka; ndipo mbiri yakeyo ya Atumbuka ndi Ahenga, ataimasulira m'Chingerezi mmishoni T. Cullen Young, idasindikizidwa mu 1931 m'magazini ya Bantu Studies ku Johannesburg. Taonani chodabwitsa: mawu a pamphala, amene kale ankafa ndi moto wa usiku umodzi akapanda wowabwereza, tsopano adatha kugona m'bokosi zaka zambiri nadzuka osasintha. Komabe pepala silikana cholembera. Akatswiri a mbiri a m'zaka zapambuyo adatsutsa zina, nati Nyirenda, pokonda kwawo, adaukuza ufumuwo kuposa mmene udalili; ndipo mkanganowo udatheka chifukwa chakuti mawu ake adalipo, oti munthu n'kuwayesa pa muyeso.

Chimene pepala lidalephera ndicho kusunga liwu lenileni la munthu, kukweza ndi kutsitsa kwake, ndi kulira kwa ng'oma. Amuna a m'chigwa chino, amene msonkho ndi kusowa kwa ntchito zidawatuma ku migodi ya ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ankatumiza makalata amene mwana wa sukulu ankawerengera mayi wake pakhonde. Koma kalata siimba. Ena a iwo, amene sadasanduke machona, adabwerera ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zake zakuda, ndipo m'zaka zotsatira ndi gumbagumba. Mudzi wonse unkasonkhana kudzamva anthu osaoneka akuimba m'bokosi. Koma mbale idadza yodzaza kale, ndipo wa kumudzi sakadatha kuikamo lake liwu. Woyamba kutola nyimbo zambiri za kuno ndi makina adali Hugh Tracey, amene adayenda m'Nyasaland mu 1950, ndiponso mu 1957 ndi 1958, akujambula Atonga, Achewa, Atumbuka ndi Ahenga. Ntchito yake idali yaikulu ndi yoyamikika. Koma mawuwo adapita naye ku South Africa, ku nyumba yosungira nyimbo za mu Africa imene adaikhazikitsa mu 1954, ndipo oimba ambiri adatsikira kumanda osamvanso kamodzi komwe liwu lawo.

Wailesi nayo idali chotengera cha mwini wina. Mu 1949 kudatuluka kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, chifukwa thupi lake lidali ngati sefuliya, kogulidwa mapaundi 5, ndipo kankakoka mawu kuchokera ku Lusaka. Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC idatenga malo amenewo. Koma mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party udagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zimveke pa wailesi ndi m'nyuzi za boma, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa kufikira mu 1994, pamene boma latsopano lidachibwezera. Ine amene ndilemba izi m'Chichewa, chinenero cha atate anga, ndili mwana wa mayi wa ku Henga, ndinena mosabisa kuti zaka 26 zimenezo zidali zowawa kwa anthu amene ankatsegula wailesi yogula ndi thukuta lawo, osamvamo chinenero chimene ankapempherera ndi kulirira maliro. Adaphunzirapo kuti mawu osungidwa m'nkhokwe ya mwini wina, mwini wakeyo akhoza kutseka chitseko tsiku lililonse.

M'zaka zomwezo mudafika kaseti, imene kampani ya Philips idaitulutsa mu 1963, ndipo ndiyo idali chotengera choyamba cha makina chimene munthu wa kumudzi adatha kuchidzaza yekha. Ndikumbukira kwathu wailesi ya kaseti yokutidwa ndi nsalu yoluka, mabatire oanikidwa padzuwa kuti apezeko mphamvu ya usiku umodzi, bolopeni yopotera tepi kuti mabatirewo asathe msanga, ndi utoto wa zikhadabo umene tinkalumikizira tepi ikaduka. Kwaya za mipingo zidajambula nyimbo zawo, ng'oma za vimbuza zidalowa m'tepi, ndipo wa kutali ankatha kulankhula mphindi 60 kapena 90, natumiza kasetiyo ndi mnzake wobwera kumudzi, kuti mayi wake wosadziwa kuwerenga amve yekha popanda womuwerengera. Paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Kaseti idachotsa kandimverere pakati pa mayi ndi mwana. Idabalanso malonda: oimba ankajambulitsa ku situdiyo ya Paul Banda ku Balaka, makaseti awo nagulitsidwa kudzera kwa O.G. Issa ku Blantyre, ndipo mu 1992 lidakhazikitsidwa bungwe la COSOMA kuti liyang'anire phindu la eni nyimbo.

Ma CD sadakhalitse m'chigwa chino, pakuti fumbi la m'chilimwe ndi mabampu a m'misewu zidawakanda msanga. Koma pamene ife tinali kupota matepi ndi bolopeni, ku Japan katswiri wa kampani ya Toshiba, Fujio Masuoka, adali atapeza kale m'zaka za m'ma 1980 njira yosungira zinthu popanda tepi, popanda mbale, popanda kanthu kalikonse kozungulira. M'kachidutswa ka mwala woyengedwa asemamo tizipinda tosaoneka ndi maso, tochuluka ngati mchenga wa ku Chiweta, ndipo kachipinda kalikonse kakhoza kutsekera mkati mwake kamphamvu ka magetsi kapena kukhala kopanda kanthu. Kudzaza ndi kupanda kumeneku, kukandandalikidwa mwa dongosolo, ndiko kusanduka nyimbo, chithunzi kapena kalata. Ubwino wake ndi wakuti magetsi akazima tizipindato tikhalabe totseka, ndipo zimene zili mkati sizithawa. Mnzake wa Masuoka wa pantchito ndiye adapereka dzina lakuti flash, poona kuti kufufuta kwake kuchitika kamodzin'kamodzi ngati kung'anima kwa kamera. Ndipo dzina limenelo ndilo lafika kwathu monga fulashi.

Mafulashi oyamba otsomeka pa kompyuta adagulitsidwa m'chaka cha 2000, ndipo ena a iwo ankasunga 8MB yokha, ndiko kuti nyimbo ziwiri. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1999, makampani a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba adali atagwirizana za khadi lotchedwa SD, lolowa m'makamera. Ndipo mu 2005 kudabadwa kamng'ono wake, microSD, kotalika mamilimita 15, m'lifupi mamilimita 11, kochindikala milimita imodzi, komwe kaja kadali pamfundo ya chitenje. Kakhadi ka 2GB kokha kanyamula nyimbo pafupifupi 500, zimene zikadafuna makaseti oposa 20. Ndipo pofika mu 2019 kudali makadi a msinkhu womwewo osunga 1TB, kuposa kaja ka 2GB maulendo 500. Popeza makadiwa ankakula mimba chaka ndi chaka mtengo wake ukutsika, amisiri adaona kuti n'kwanzeru kupanga chigoba chokhala ndi mlomo wa USB ndi kakhomo kolowetsera khadi, kuti munthu asataye chipangizo chonse pofuna malo ochuluka. Umo ndimo khasu lidalekanirana ndi mpini.

Ku Henga kakhadika kadalowa pa msana pa foni. Kampani ya mafoni ya TNM idayamba mu 1995, ya Celtel mu 1999, imene idadzasanduka Zain kenaka Airtel mu 2010. Koma chimene chidasintha midzi ndi kubwera kwa timafoni totsika mtengo ta mabatani, tokhala ndi tochi, wailesi ndi kakhomo ka memori pansi pa batire. Kumene magetsi a ESCOM sadafike m'nyumba zambiri, ndipo bandulo ya intaneti ilimbana ndi mchere ndi sopo pa ndalama imodzi, chinthu cholipira kamodzi ndi kumvera chaka chonse chidalandiridwa ngati mvula yoyamba. Pamenepo padabadwa ntchito yatsopano ya anyamata otsiriza sukulu, imene aitcha kubena, dzina lotsalira kuchokera m'masiku a ma CD, amene ankalembedwa ndi kuwala kotentha. Lero palibe chotenthedwa, koma dzinalo lakana kuchoka. Mlimi akagulitsa fodya agula wailesi ya sola yokhala ndi pobaya memori, ndipo m'chigafa usiku mumveka maulaliki, kwaya za Sinodi ya Livingstonia, ndi liwu la Wambali Mkandawire wa ku Mlowe, amene adatisiya mu January 2021 koma aimbabe m'Chitumbuka m'matumba a anthu akwawo.

Sitingabise kuti chokoma ichi chidadza ndi chowawa chake. Kaseti inkaguga ikakopedwa kawiri katatu, chotero wofuna mawu omveka bwino ankagula yeniyeni, woimba napezapo kangachepe; koma nyimbo ya pa memori ikopedwa kosawerengeka osataya kanthu, ndipo ndalama yake ithera m'kanyumba kobenera. Malonda a makaseti adagwa, ndipo oimba ambiri adalima munda wokolola ena. Lamulo latsopano la umwini wa zaluso la mu 2016 lidatsegula njira yakuti zipangizo zosungira, monga mafoni, mafulashi ndi mamemori khadi, zizilipira kamsonkho polowa m'dziko, ndalamazo n'kugawidwa kwa eni luso kudzera ku COSOMA. Wantchito ayenera kudya za thukuta lake, ndipo mnyamata wobena ndi woimba onse ndi ana a mudzi umodzi, ofunika kuti wina asakhute ndi njala ya mnzake.

Koma chowawa china ndidachilawa ndekha. Amalume anga, amene kwawo kwa amayi tiwatcha asibweni, adali nkhalamba yodziwa mibadwo ya banja lathu kufikira kwa amene adathawira ku Karonga ndi kubwerako. Ndidakhala nawo madzulo atatu pakhonde, foni ili pampando pakati pathu, iwo nalongosola. Ndipo ndivomereza ndi chisoni kuti sindidamvetsere ndi mtima wonse, pakuti ndidati foni ikumva m'malo mwanga. Khadi lake ndidaligula motchipa kwa wogulitsa wina pamsika, lolembedwa 32GB pamsana. Atamwalira asibweni, ndidapita nalo kwa mnyamata wobena kuti andikopere, adaliika m'khadi rida, nayesa kawiri katatu, kenaka adati, "Adada, khadi ili n'labodza, kunja alemba zambiri, koma mkati ndi laling'ono. Za tsiku loyamba zokha ndizo zikutseguka." Ndidabwerera kumudzi miyendo italemera. Usiku womwewo, nditasimba tsokali pamoto, mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene masiku atatu aja adakhala chapatali akusenda mtedza popanda womuzindikira, adati, "Asibweni, maina aja ine ndikuwakumbukira," nayamba kuwatchula mmodzimmodzi kufikira adatha.

Ngakhale khadi lenileni silikhala muyaya. Tizipinda take titopa tikalembedwa ndi kufufutidwa kambirimbiri, ndipo likagonekedwa zaka zambiri osaligwiritsa ntchito, kamphamvu kotsekeredwa kaja katuluka pang'onopang'ono monga madzi mumtsuko wosawotcha bwino. Kuchepa kwake komwe, kumene tikutama, ndiko kulitayitsa m'fumbi la pabwalo. Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti palibe chotengera chimene chidasunga mawu pachokha. Mbiri ya Saulos Nyirenda ilipo lero chifukwa wina adaimasulira, wina naisindikiza, ena naisunga m'nyumba za mabuku. Nyimbo za Hugh Tracey zimveka chifukwa nyumba yake itasamukira ku Rhodes University mu 1978, anthu ena adadzazichotsa m'matepi akale naziika m'makompyuta. Pamene makaseti athu ambiri, amene palibe adawasamutsa, adadyedwa ndi chinyezi m'masutikesi, pamodzi ndi mawu a akufa athu. Mbewu yopachikidwa pamwamba pa moto ikhala chaka chimodzi kapena ziwiri, koma yosunga mtundu ndi imene ibwerera m'nthaka dzinja lililonse.

Poyamba paja ndidayesa khadi ndilo khasu, ndi khadi rida mpini wake. Tsopano, nditayenda ulendo wonsewu kuchokera pamphala, ndiona kuti khadi lomwe ndi mpini, monga zidalili pepala, mbale ndi kaseti, ndipo chitsulo chenicheni ndi mawuwo. Chifukwa chake ndidandaulira ana a Henga, ndi onse akumva Chichewa, kuti amene ali ndi liwu la kholo lake pa memori alikopere pa khadi lachiwiri, nalisungitse kwa mbale wa mudzi wina. Maina a makolo awalembenso m'kope. Pakapita zaka zingapo asamutsire zonse pa khadi latsopano. Ndipo koposa izi, madzulo ena azimitse nyimbo, aitane ana, awamvetse mawuwo kufikira atawaloweza. Mawu a akulu akoma akagonera, koma agonere m'mitu yambiri.

Mayi uja wa pamsika, mnyamata atatha ntchito yake, adapempha kuti amuyesere kaye mawu a mwana wake asadachoke. Liwu la mwamuna lidatuluka pa chimkuzamawu, likupereka moni kwa amama ndi kufunsa za mvula ndi za ng'ombe. Ndipo ndidaona milomo ya mayiyo ikuyenda pamodzi ndi liwulo, mawu ndi mawu, osaphonya ngakhale amodzi, pakuti adali atawasamutsira kale mumtima. Atatero adalandira kakhadi kake, nakamanganso pamfundo ya chitenje, nasenza dengu lake kulowera njira ya kumudzi.